Tazz ya malemu achimwene yawalanso

 Ndakhala chete nthawi yaitali, ena mpaka kuimba foni kufunsa ngati ndadwala. Ayi ndithu, ndili bwino, kungoti tinali ndi ukwati pakhomo pano. Lero sindilemba za mpunga kapena za matenda a mbuzi. Ndilemba za bampala ya galimoto. Musaseke, nkhani yake inandisowetsa tulo mwezi wathunthu.

Amene munafikako kwathu kuno ku Mua mukuidziwa Toyota Tazz yofiira imene imakhala pabwalo panga. Ndati yofiira chifukwa ndi mmene analembera pa mapepala ake. Koma amene anaiona miyezi yapitayi sakanavomera. Denga ndi boneti zinali zitafwifwa, koma mabampala ndiye anali atanyanya. Yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe, zonse mbuu, ngati miyendo ya mwana amene wasamba ku Nadzipokwe n'kubwera osadzola kanthu. Ukapititsapo chala, chimachoka ndi kaufa kotuwa.

Galimotoyi sindinagule ine. Ndalama yake ndikanaitenga kuti, munthu wolima maekala awiri a chimanga ndi kapuloti kamodzi ka mpunga ku sikimu ya Bwanje? Inali ya malemu achimwene anga, amene ine ndinawaponda pamutu. Anakhala ku Durban zaka zambiri, akugwira za mugadeni ndi kupenta nyumba za anthu. Mu Epulo 2015, nthawi ija eni dziko anaukira alendo, boma lathu mpaka kutumiza mabasi okatenga anthu, iwo anati basi zakwana, ndikafere kwathu. Koma basi sanakwere. Analongedza katundu mu Tazz yawo, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowera pachipata cha Dedza, n'kutsetsereka Khwekhwelere usiku mabuleki akununkha. Anatidzutsa ndi hutala cha m'ma 2 koloko, mudzi wonse n'kutuluka.

Galimoto zimenezi ankazipanga ku Durban komweko, ndipo anasiya mu 2006. Yathuyi ndi ya 2003. Kainjini kakang'ono ka 1.3, ka kabureta, koti makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amakamasula osafunsa kompyuta.

Nthawi imeneyo mwana wanga wamkazi woyamba, tiyeni tingomutchula kuti Naphiri, anali mu Sitandade 8. Atasankhidwa kupita ku sekondale, fizi yonse analipira ndi bambo ake aakuluwa. Iwo ndi amene ankamuperekeza ndi sutikesi yake pa galimotoyi. Ndipo ankakonda kumuseka amvekere, "Naphiri, iwe limbikira sukulu. Tsiku la ukwati wako udzakwera iyi, woyendetsa ndidzakhala ine." Mu 2019 anatisiya. Titakhala pansi pambuyo pa maliro, ana awo amene ali ku Joni anati galimoto ikhale m'manja mwanga chifukwa ikuthandiza mudzi. Zoonadi yathandiza. Amayi oyembekezera amene yathamanga nawo usiku kupita ku chipatala cha Mua sindingawawerenge. Yanyamula mpunga kupita ku msika wa Golomoti, yanyamula odwala, yanyamula nkhuni za pamaliro. Injini ndimaisamala, oyilo ndimasintha ngakhale ndisowe ya sopo. Koma za penti, ndinene zoona, sindinaziganizirepo ngakhale tsiku limodzi. Inkangokhala padzuwa chaka ndi chaka.

Ndiye chaka chino Naphiri wapeza banja. Chinkhoswe tinachita bwinobwino, ukwati n'kuuika mu Okutobala ku tchalitchi kwathu pa mishoni. Komiti itakumana pansi pa mango kuseri kwa nyumba, tinafika pa nkhani ya galimoto ya akwati. Ine ndinati imeneyo musavutike nayo, ilipo kale. Mnyamata wina wa kuchimuna, wogwira ntchito ku Lilongwe, anayang'ana kumene inaima Tazz, n'kukhosomola pang'ono.

"Madala, pepani, musandimve molakwika. Koma galimoto imene ija pazithunzi itichititsa manyazi. Tingochita hayala ku Salima."

Anthu ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Mtengo wa hayala umene anatchula unali wa matumba angapo a mpunga, osawerengera mafuta. Koma ndalamayo si imene inandilasa. Ndinayang'ana Naphiri, iye maso ali pansi, akungojambula dothi ndi kamtengo.

Usiku mayi akunyumba, Nabanda, ndi amene anandimasulira. "A Phiri, mwanayu akufuna galimoto ya bambo ake aakulu. Koma akuopa kusekedwa ndi kumene akupita. Inu ngati mukufuna akwere imeneyo, ikonzeni ioneke. Mukapanda kutero musamukakamize." Panali patatsala milungu isanu.

Apa ndi pamene ndinayamba kuchita zopusa, ndipo ndizilemba zonse kuti wina asazibwereze.

Choyamba ndinafunsa kamnyamata kena kotsuka magalimoto pa malo ena ogulitsira malonda. Iko kanati zosavuta madala, ingopakani mafuta ophikira ndi kansalu. Ndinadikira Nabanda apite ku mjigo, n'kutapa theka la kapu m'botolo lawo. Abale, zinawala! Bampala inafiira psuu ngati yangotuluka kumene m'fakitale. Ndinaima chapatali manja m'chiuno, ndikudzitama mumtima kuti nkhani yatha ndi theka la kapu. Mawa lake ndinapita ku Golomoti kukagula mchere ndi shuga za ukwati. Inu mukudziwa fumbi la kuno mu Seputembala. Pobwera bampala inali ngati mandasi amene agwera pamchenga. Fumbi lonse la mumsewu linakakamira, nyerere zinapanga mzere, madzulo ndinapeza mbuzi ikunyambita. Patapita masiku atatu, nditatsuka, kutuwa kuja kunali pomwepo. Za mafuta awo Nabanda anazindikira tsiku lomwelo, chifukwa botolo amaliika chizindikiro ndi chikhadabo. Mawu amene ananena sindiwalemba pano.

Chachiwiri ndiye chimene chimandiwawabe. Wakabaza wina anandiuza kuti iwo njinga zawo zamoto amaziwalitsa ndi mafuta a mabuleki, akuti sagwira fumbi ngati ophikira. Mwamwayi mtima unandiuza kuti ndiyambe ndayesa pang'ono. Ndinapaka pakona ya bampala yakumbuyo, kumanzere, malo okula ngati chikhatho, n'kukagona. M'mawa ndinapeza penti atakhwinyata ngati khungu la pamwamba pa phala lozizira. Nditakhudza, anangosupuka, pulasitiki yakuda n'kuonekera. Mafuta a mabuleki amadya penti, abale. Ngakhale akadonthera mwangozi pothira, muzitsuka ndi madzi nthawi yomweyo. Ine sindinkadziwa.

Tsiku limenelo kudimba sindinapite. Ndinangokhala pakhonde kuyang'ana bala lija. Galimoto inadutsa maiko anayi osakandika, ine n'kudzaiwononga pakhomo ndi manja anga. Ndinawapepesa achimwene mumtima.

Amene anandiwongola ndi mnzanga wina wakalekale, tinaphunzira limodzi ku pulaimale, tonse osapitirira. Iye anapita kukaphunzira zosemasema ku Kungoni, malo aja anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, amene tonse kuno timawadziwa ndi dzina loti Achisale. Mpaka lero amadya za tchizulo. Anabwera kudzagula mpunga, n'kundipeza ndili ndwii. Anazungulira galimoto, kupititsa chala pa bampala, kuyang'ana kaufa kaja, kenako n'kuseka.

"A Phiri, inu mwakhala pafupi ndi osema zaka zonsezi osaona kanthu? Kuwala sapaka. Kuwala kumakhala m'kati, umachita kukufukula."

Anandifotokozera mmene amamalizira chosema cha mlombwa kapena phingo. Amayamba ndi sandipepa wokhakhala, kenako wosalalirako, kenako wosalala kwambiri, ndipo polishi amabwera kumapeto penipeni, mtengo utasalala kale. Ukathamangira polishi pa mtengo wokhakhala, umangowononga polishi wako. Anati mafuta anga aja anali ngati Vaseline pamiyendo yosakhula, amangobisa litsiro mpaka madzulo. Koma anandichenjezanso. Anati mtengo ndi wochindikala, ukalakwitsa umapalanso, pamene penti wa galimoto ndi wopyapyala ngati khoko la anyezi. "Sandipepa wanga musayerekeze kumugwiritsa. Pitani ku Salima mukafunse opopera penti."

Ndipo zoona, ndikanapanda kumva zimenezi ndikanagula sandipepa wa matabwa mu hadiweya yapafupi, wa nambala 120 uja, ndipo lero bwenzi ndikulemba nkhani ina.

Kuchoka kuno kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 60 pamsewu wa M5. Mafuta a ulendowo anandidyera nkhuku ziwiri. Ndinapeza mmisiri wina wachikulire wowongola ndi kupopera magalimoto, dzina sinditchula chifukwa sindinamupemphe. Ndinayembekezera kuti anena kuti tipopere yonse, nanga si ndi mmene amadyera. Koma iye anangotenga botolo la madzi n'kuthira pa bampala.

"Mukuona bambo? Ikanyowa ikufiira bwinobwino. Ndiye kuti penti alipo, wafa ndi wapamwamba yekha."

Kenako anatenga kansalu koyera, kuikapo mankhwala ena onga phala amene amawatchula kuti kompaundi, n'kupukuta malo ochepa. Kansalu kanafiira. Anati zimenezo zikusonyeza kuti penti wanga ndi wa mtundu umodzi, wopanda chovala pamwamba. Magalimoto ambiri a masiku ano, makamaka a siliva ndi ena onyezimira ngati muli mchenga, amakhala ndi penti wina woonekera ngati galasi pamwamba pa mtundu, amene iwo amati kiliya. Pa amenewo kansalu sikasintha mtundu. Ndipo kiliya akayamba kusupuka ngati njoka yofundula, n'kumaoneka zigamba zoyera, palibenso kupukuta kumene kungathandize, imeneyo ndi ya kupopera basi. Apa inu a ma Sienta ndi ma Probox mumvetse bwino, musangotengera za ine. Yambani mwathira madzi, kenako yesani kansalu pamalo obisika.

Ndinamufunsa chimene chimapha penti. Analoza kumwamba. Dzuwa limawotcha pamwamba pa penti pang'onopang'ono mpaka kusanduka ufa, ndipo mwa mitundu yonse wofiira ndi amene amaonekera msanga. Nanga bwanji bampala yaposa chitsulo? Anati bampala amaipenta payokha, ndipo penti wa pa pulasitiki sakalamba mofanana ndi wa pa chitsulo. Komanso ndi imene imakumana ndi mchenga, udzu ndi zitsamba za m'misewu yathu ya kumunda. Anawonjeza kuti sopo wa ufa wochapira zovala amene ndinkatsukira zaka zonsezi nayenso ankathandizira, chifukwa amachotsa polishi yense n'kusiya penti ali maliseche.

Za dzuwa sindinatsutse. Ife a kunsi kuno timalidziwa. Anzathu a ku Dedza boma amavala majuzi pamene ife tikugona panja. Si pachabe kuti anthu anabwera kudzayala masola ambirimbiri pa Golomoti, amene akupereka magetsi kuyambira 2022. Iwo dzuwa akulikolola n'kumagulitsa, ine ndinalisiya lizidya galimoto ya achimwene ulele.

Za bala la mafuta a mabuleki anapukusa mutu. Anati pamenepo penti palibe, kupukuta sikungabweze chimene chinachoka. Kuti papopedwe pafunika kaye mankhwala apadera ogwiritsa penti ku pulasitiki, apo ayi amasupuka bampala ikangopindika pang'ono. Ndipo penti watsopano sangafanane ndendende ndi wa zaka 20, pokhapokha apopere bampala yonse. Mtengo wake unali wa mbuzi ziwiri. Mbuzi zinali zitawerengedwa kale za ndiwo za ukwati. Ndinati bala likhale.

Ndinagula mapepala anayi a sandipepa wa m'madzi wa nambala 2000, chitini cha kompaundi, chitini cha polishi wa galimoto amene ena amati wakisi, ndi tepi ya pepala. Paja sandipepa nambala ikamakula ndiye kuti akusalala. Wa 2000 ukamugwira umakhala ngati wagwira tsamba la nthochi, mpaka kukayika ngati angachotse kanthu.

Tsopano ntchito yake. Ndiilemba mwatsatanetsatane chifukwa ena mwandifunsa kale mutaona zithunzi za ukwati.

Poyamba ndinatsuka katatu ndi sopo wamadzi wotsukira mbale kuti mafuta ophikira aja achoke onse. M'makona ndinalowetsa mswachi wakale. Mukasiya mchenga ngakhale kambewu kamodzi, kamakanda mzere umene mudzauone moyo wanu wonse. Kenako ndinamata tepi m'mbali mwa magetsi, pa nambala, ndi pa mapulasitiki akuda osapentedwa, chifukwa kompaundi akalowa m'timabowo tawo amasiya zoyera zovuta kuchotsa.

Sandipepa ndinkamuviika m'ndowa kwa kanthawi kuti afewe, n'kumukulunga pa kachidutswa ka patapata wakale kuti zala zisamakumbe mizere. Dzanja limodzi likukhula, lina likudonthetsa madzi a m'botolo loboola pachitsekero. Osakanikiza. Kungoyendetsa uku ndi uku mowongoka, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, n'kuima, kupukuta, kuyang'ana. Madzi amayamba kutsika otuwa, ndiye ufa wakufa uja. Akayamba kufiira kwenikweni, siyani, mwafika pa wamoyo.

Amayi amene mumakonola chimanga mumtondo mundimva msanga. Cholinga n'kuchotsa gaga, osati kuphwanya mphale. Kapena ku chigayo cha mpunga, akaukhula mopitirira umatuluka woyera bwino koma wosweka, pamsika mtengo n'kutsika. Pentinso chimodzimodzi, chimene wachotsa sichibwerera. Ine ndinaphunzira pa tsiku lachiwiri. Pamsonga pamene bampala imapindikira, penti amakhala wochepa kwambiri. Ndinadutsapo kangapo ndikuganiza zina, n'kungoona kadontho kotuwa ngati nyemba katatulukira. Kalipo mpaka lero, kumanja pansi pa getsi. Kuyambira pamenepo m'misonga monse sandipepa sindinafikitsemo, ndinkangodutsamo ndi kompaundi mopepuka.

Mukamaliza sandipepa musadzidzimuke. Bampala ikauma imaoneka yoipa kuposa poyamba, yosawala ngakhale pang'ono. Nabanda atabwera kudzaona anagwira pakamwa. "A Phiri, mwaimaliza galimoto ya eni ake." Inenso mtima unagunda, koma mmisiri uja anali atandiuziratu.

Kuwala kumabwera ndi kompaundi. Ndinang'amba matisheti akale a thonje, oyera bwino, opanda msoko kapena zolemba. Kutapa pang'ono ngati nsonga ya chala, kupaka malo okula ngati mbale ya nsima, n'kuyamba kupukuta mwamphamvu ndithu mpaka mankhwala atatsala pang'ono kuuma, kenako kupukuta ndi nsalu ina youma. Kubwereza kawiri, pena katatu. Mbale yoyamba itatha, ndinaona mtengo wa mango ukuonekera mu bampala, masamba ake onse. Ndinasuntha mutu, n'kuona nkhope yanga ndi imvi zomwe. Ndinaitana Nabanda. Anayang'ana, osanena kanthu, n'kupita kukanditengera thobwa.

Mmisiri uja ali ndi makina opukutira a magetsi, akanamaliza tsiku limodzi. Koma anandiuza kuti pa pulasitiki makina amafuna dzanja lozolowera, chifukwa pulasitiki simwaza kutentha ngati chitsulo, ukangoima pamalo amodzi penti amapsa. Ndi manja n'kovuta kuwotcha. Kungoti mapewa amalira. Ine ndalima moyo wanga wonse, koma ululu wa ntchito iyi ndi wina, umagwira pamene khasu silifika.

Nthawi yake ndi m'mamawa basi. Ndinkayamba kukangoyera, cha m'ma 5, n'kusiya 8 koloko isanakwane. Dzuwa likakwera bampala imatentha, kompaundi amauma usanamupukute n'kumata ngati phula. Amayi opita ku mjigo ankaima kumandiseka. Wina anati, "A Phiri akusisita galimoto ngati mkazi wachiwiri." Nabanda anayankha ali kukhitchini kuti bola ameneyo sadya ndiwo.

Yakutsogolo inanditengera masiku asanu ndi limodzi, yakumbuyo asanu. Pomaliza ndinapaka wakisi, wopyapyala kwambiri, kumusiya aume mpaka achite mbuu, n'kupukuta ndi nsalu yofewa. Ameneyu ndiye chovala choteteza ku dzuwa. Ukathira madzi amangopanga timipira n'kugubuduka ngati pa tsamba la koko.

Kenako vuto lina limene sindinaliganizire. Nditaima chapatali, mabampala anali psuu, thupi lonse la galimoto lili mbuu. Inkaoneka ngati gogo wovala sanza koma atapaka zofiira pamilomo. Panalibe kuchitira mwina, yonse inafunika kupukutidwa, ndipo panali patatsala masiku khumi ndi awiri. Ndinatuma munthu ku Salima kukatenga chitini china. Lamulungu titatuluka ku mphakati ndinadandaulira achinyamata, ndipo anabwera anayi m'mawa uliwonse, malipiro ake phala la mpunga. Pa chitsulo sitinagwiritse sandipepa, kupatula pa denga ndi boneti pamene panapsa kwambiri. Zitseko zinangofuna kompaundi. Mnzanga wosema uja ndiye anali kapitawo, akuyenda ndi ndodo yake kumaloza pamene pasiyidwa.

Mapulasitiki akuda aja, a m'mbali mwa zitseko ndi magalasi oonera kumbuyo, nawonso anali otuwa. Apa malangizo anachuluka. Wina anati Kiwi wakuda. Nabanda anakana ndi mawu amodzi, anati diresi loyera likakhudza pamenepo mudzalichapa ndinu. Wina anati tiwawule ndi moto pang'ono, akuti mtundu umabwerera. Mmisiri wa ku Salima anali atandiuza kuti zimenezo zimadetsadi kwa kanthawi, koma pulasitiki imauma n'kuyamba kuthetheka, ndiponso ine kuyandikitsa moto pa galimoto ya petulo, pambuyo pa zimene ndinachita kale, ayi. Tinangowatsuka ndi mswachi n'kuwasiya ndi imvi zawo.

Kutatsala masiku awiri, Naphiri anafika kuchokera kwa azakhali ake kumene ankalangizidwa. Anaizungulira galimoto kamodzi, n'kuima pa bala lija. Ndinayamba kufotokoza kuti mayi ako amangapo maluwa ndi riboni, sipaoneka. Iye anati, "Bambo, pasiyeni. Ingomangani kutsogolo." Kenako anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kukhala kumene ankakhala popita kusukulu. Ndinamusiya, ndinapita kukaona mbuzi.

Za tsiku la ukwati sindichulutsa, zithunzi munaziona. Akuchimuna galimoto yawo ya hayala anabwera nayobe, yoyera, yaitali, yoziziritsa m'kati. Sindinakangane nawo, ndalama zinali zawo. Koma kuchoka pakhomo kupita ku tchalitchi, mkwatibwi anakwera Tazz. Woyendetsa anali mwana wamwamuna wa malemu achimwene, amene anabwera pa basi kuchokera ku Joni chifukwa cha tsiku limeneli. Anavala jekete la bambo ake. Amayi a m'mudzi anayala zitenje pamsewu, nthungululu mpaka pa mishoni.

Potuluka m'tchalitchi akwati anakwera ya hayala ija. Sindinama, panandiwawa pang'ono. Koma kunali kotentha zedi, ndipo Tazz mpweya wake ndi wa pawindo. Ife tinakweza agogo ake a mkwatibwi ndi ankhoswe. Ndiye mwana wa achimwene atapotokola kiyi, galimoto inangoti kete, zii. Milungu isanu yonse ndili pa penti, batire osaliyang'ana n'komwe, mitu yake itachita zoyera. Anthu anayamba kuseka. Woyamba kuvula jekete n'kugwira kumbuyo anali mnyamata wa ku Lilongwe uja. Anakankha ndi anzake awiri, inalira pa giya yachiwiri. Ku madyerero anabwera kudzandigwira chanza, akupukuta thukuta, amvekere, "Madala, mwaipopera kuti?" Ndinamuonetsa zikhatho zanga.

Sabata yathayi ndamanga chisakasa cha udzu pambali pa nkhokwe, mitengo isanu ndi umodzi, ndipo Tazz ikugona m'menemo. Pansi pa mango ndakana, chifukwa posachedwa ayamba kugwa, ndiponso utomoni ndi zitosi za mbalame nazo zimadya penti. Mmisiri anati wakisi ndizipaka miyezi itatu iliyonse, ndipo sandipepa ndisadzabwerezenso, penti amene watsala ndi wochepa. Ndipakanso mvula yoyamba isanagwe. Mitu ya batire ndakhula kale.

Mawa m'bandakucha ikupita ku Golomoti kukatenga mbewu, ibwera ili fumbi lokhalokha. Theka la chitini cha kompaundi latsala, ndi pepala limodzi la 2000 losagwiritsa. Amene ali pafupi ndipo galimoto yake yatuwa abwere ndi nsanza zake, koma m'mawa, dzuwa lisanakwere.